Timabwato ta Mayi a Lin

Lachiwiri, 13 Ogasiti 1974

Mazira 5. Nkhuku 11, tambala mmodzi. Kuchoka pakhomo panga kukafika ku ofesi ya sikimu ya mpunga, mapazi 1,840. Chaka chatha anali 1,790. Msewu sunatalike ayi, ndine ndayamba kufupikitsa mwendo. Zaka 68.

Phunziro la 18 ndi a Lin, mlangizi wathu wa mpunga wochokera ku Taiwan. Alimi kuno ku Wovwe amawatcha a Mizere chifukwa salola mbande kuwokeredwa popanda chingwe. Pangano lathu lili chilili kuyambira pa 14 Juni: Lachiwiri ndi Lachisanu ine ndimawapatsa mawu awiri athu, iwo amandipatsa awiri a zipembedzo za kwawo. Amajambula chilembo chawo m'kabuku kanga kobiriwira, ine pambali ndimalemba tsiku, katchulidwe ndi tanthauzo. Lero 36 kwa 36. Palibe wodyera mnzake masuku pamutu.

35. Nye-pan. Kuzima. Osati kwa munthu, koma kwa moto wa kulakalaka umene umamuwotcha. Ndafunsa ngati ndi kumwamba. Akuti si malo. Ndafunsa katatu, yankho lomwelo katatu.

36. Kung. Palibe chinthu choima pachokha. Anathyola ngala ya mpunga nati, "Amama, chotsanimo madzi, dzuwa, matope ndi msana wa mlimi. Chatsala n'chiyani?" Ndati mankhusu. Aseka mpaka kutsokomola.

Ndinaphunzitsa zaka 34, ku Dedza, ku Kasungu, pomaliza ku Vinthukutu, ndipo sindikhulupirira kuti m'boma lonse la Karonga alipo wina amene analembapo mawu amenewa m'Chichewa. Sikudzitama. Ndikungolemba zimene zilipo.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Mazira 4. Tsiku la 35 la maliro a mayi a Lin.

Ndilembe bwinobwino, chifukwa mlamu wanga Emma akumandifunsa ndipo ndikufuna kumayankha chimodzimodzi. Mayiwo anamwalira kwawo pa 12 Julaye. Telegalamu inafika pa 16, tili pakati pa phunziro. Anaiwerenga, anaipinda, natenga cholembera n'kundijambulira mawu a nambala 19, wu-chang: palibe chokhalitsa. Kenaka a 20, ku: zowawa. Kupita sakanatha, ulendo ndi wautali ndipo mbande zinali m'nazale.

Kwawo amati munthu akafa amakhala pakati masiku 49, sanachokeretu, sanabadwenso kwina. Ndi nambala 21 imeneyo, jung-yin. Tsiku lachisanu ndi chiwiri lililonse ana ake amamukumbuka kuti ayende bwino, kasanu ndi kawiri. Tsiku lomwalira amaliwerenga loyamba, monga ife tiwerengera masiku atatu a Ambuye kuyambira Lachisanu. Ndiye zonse zikugwera Lachinayi: 18 ndi 25 Julaye, 1, 8, 15, 22, ndipo lomaliza 29 Ogasiti.

Ulendo woyamba ndinawapeza mwangozi kuseri kwa nyumba yawo, atagwada okha patsogolo pa chithunzi. Okhaokha, munthu wa zaka 40 akulira mayi ake ngati wamasiye wa m'tchire. Ndinachita manyazi m'malo mwa mudzi wonse. Kuyambira pamenepo ndimapita.

Lero monga mwa nthawi zonse, 4 koloko atawerukako. Patebulo chithunzi, malalanje 3, kapu ya tiyi, ndodo za lubani 3. Mapepala a golide amene amawotchera akufa kuno kulibe, ndiye timadula mapepala a khaki, n'kumata kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'kupinda ngati timabwato. Akuti si mabwato, ndi maonekedwe a golide wakale wa kwawo, kamba wa paulendo. Pamafunika 49. Ine ndapinda 29, iwo 20. Zala zanga zimawaposa. Atchula dzina la Buda wawo ka 108 pa mikanda, awotcha timabwato mu beseni. Ine sindigwada. Ndimaima pambali n'kupemphera kwa Mulungu wanga chamumtima.

Ndawafunsa kuti mapepalawo ndi a chi Buda kapena a chi Tao. Akuti mayi awo m'mawa ankapita kwa Buda, madzulo kwa ansembe a Tao, ndipo palibe anawadula mu mpingo. Ndaganiza za sesheni ya akulu a mpingo wathu.

Pobwerera ndapeza njinga ya Manase, tcheyamani wa nthambi ya chipani, itatsamira mtengo wa mango wa pafupi ndi mpanda. Mwini wake sindinamuone.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Phunziro lachitikira pa ngalande, chifukwa alimi a buloko 4 anamenyana za madzi. Wina anali atatseka ndi matope kuti madzi akwere kumunda kwake, ngalande inaphulika. A Lin sanakalipe. Anayenda m'mbali mwake mapazi 60, anazula chitsa chimodzi cha bango, madzi anayenda okha kufikira minda yonse iwiri.

37. Wu-wei. Kusakakamiza. Poyamba ndinalemba "kusachita kanthu", ndipo ndinawauza kuti zimenezo ifenso tili nazo, timazitcha ulesi. Akuti ayi. Waulesi sakanachipeza chitsacho. Ndakhwatcha ndi rula.

38. Dzi-ran. Mmene chinthu chilili pachokha, chisanapotozedwe.

Zonsezi zikubwerera ku nambala 1, tao, njira imene zinthu zimayendera ngakhale munthu asaziuze. Ndinawafunsa kuti nanga chingwe chawo cha mizere chija ndi wu-wei? Anakanda mutu. Mfundo imodzi kwa ine.

Lamulungu, 18 Ogasiti

M'tchalitchi amayi 74, abambo 31. Nyimbo 6, imodzi anaiyamba pamwamba kwambiri.

Potuluka Emma anandikokera kuseri kwa belu. "Alamu, mwamva zimene zikumveka? Akuti inu ndi Mchaina uja mukumawotcha makalata. Akuti mukupinda mabwato kuwerengera amene adzaoloke nyanja kuchokera ku Tanzania, ndipo utsiwo ndi chizindikiro."

Ndaseka. Emma sanaseke. Wati anthu sadziwa kuti ma China alipo awiri, ya Taiwan ndi yaikulu ya chikomyunizimu. Amangodziwa kuti amene akumanga njanji kutsidya kwa Songwe ndi Achaina, ndipo zigawenga zili komweko. Ndamuuza kuti a Lin anawaitana ndi Boma lathu lomwe. Wati, "Iwo anaitanidwa. Inu anakuitanani ndani?"

Wandipempha ndiwotche kabuku. Mawu 38, masabata 9, ndiwotche chifukwa cha anthu amene sadziwa mapu? Ndinawaphunzitsa ndine mapuwo. Sanamvere.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Mazira 6.

39. Tsi-bei. Chifundo chosasankha, ngakhale kwa wokulakwira, ngakhale kwa udzudzu. Pa udzudzu ndakana.

40. Ywen. Ulusi wosaoneka umene umakumanitsa anthu. Akuti n'chifukwa chake mwana wa mlimi wa ku Taiwan akumwa tiyi ndi mphunzitsi wa ku Wovwe. Ine ndati ndi Mulungu. Akuti, "Lembani zonse ziwiri." 40 kwa 40.

Pofika kunyumba ndapeza Manase atakhala pa mpando wa malemu bambo, asanapatsidwe. Mwana uyu ndinamuphunzitsa Sitandade 3 zaka ziwiri zotsatizana. Pa masamu tebulo la 7 linamukanika, ndipo likumukanikabe, ndikuona.

"Aphunzitsi, ndabwera ngati mwana wanu. Lachinayi musapiteko."

Ndamuuza kuti ndi maliro.

"Maliro opanda mtembo? Opanda nyimbo, opanda anthu? Maliro a anthu awiri kuseri kwa nyumba? Ine ndaona maliro ambiri, Aphunzitsi, ndimayankhula pa maliro onse a dera lino. Amenewo si maliro."

Ndafuna kumuonetsa nambala 21, wakana kugwira kabuku, wabisa manja kumbuyo ngati ndamupatsa njoka. Wati lipoti analemba kale, masiku onse asanu. Wanenanso motsitsa mawu kuti akapanda kulemba iye, alemba wina, ndipo iyeyo ndiye adzafunsidwe chifukwa chake anakhala chete. Thukuta linali pamphuno. Ndamupatsa madzi. Wamwa makapu 2.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Tsiku la 42. Ndapita. Ndavala diresi ya buluu ya ku tchalitchi, ndadutsa pa msewu waukulu, osati ya chidule. Ndapinda 31, iwo 18.

A Lin sindinawauze kanthu. Si tsiku lake.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Apolisi awiri a ku Chilumba, 10:20 m'mawa. Aulemu ndithu, anagogoda. Atenga kabuku kobiriwira ndi timabwato 3 timene ndinasunga m'kabati. Ndawalembetsa risiti. Akuti ndikaonekere ku polisi Lolemba. Buku lino sanalione, linali pansi pa nkhuku yofungatira.

Phunziro kulibe.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndayesa kulemba mawu onse 40 pamtima. Ndakwanitsa 40. Zilembo zawo ndakumbuka 6 zokha.

Emma wabwera ndi chinangwa, wangoyang'ana katundu wa m'nyumba. Tonse tikudziwa za mphunzitsi uja wa ku Vinthukutu amene anaitanidwa kukayankha mafunso awiri chaka cha 1971. Nkhuku zake anadya achibale.

Lolemba, 26 Ogasiti

Ndakwera lole ya sikimu. Ndadikira pa benchi maola 2 ndi mphindi 35.

Sajeni Chimbalanga, wa ku Mulanje, wamkulu thupi, wa imvi m'mbali. Kabuku kali patebulo, timabwato atandanda patsogolo pake ngati ali pa doko.

"Khalani, agogo."

"Aphunzitsi," ndatero. Wandiyang'ana. "Khalani, Aphunzitsi."

Ndinali nditakonza mfundo 12. Wandilola kufika pa 4. Ndamuuza za ma China awiri, wati akudziwa. Ndamuuza kuti afunse ku positi ofesi za telegalamu ya pa 16 Julaye, ayerekeze ndi tsiku la pa nambala 19, ndipo awerenge masiku a m'lipoti la Manase aone ngati sakutalikirana ndi 7. Wati anthu a chiwembu nawonso amatha kukumana Lachinayi lililonse. Zoona. Sindinaliganizire limenelo, ndipo zandipweteka.

Kenaka wayamba kutsegula masamba. Amawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, koma salakwitsa.

"Nambala 9. Yin ndi yang. Mbali ya phiri ya mthunzi ndi ya dzuwa. Zimasinthana, ndipo chikafika pachimake chimayamba kubwerera." Wandiyang'ana. "Nambala 22. Lun-hwei. Kubadwa, kufa, kubadwanso, ngati ng'ombe yozungulira pa chikhomo. Inu mumakhulupirira zimenezi?"

Ndati ayi, ndine wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, zaka 41. Ndinalembanso mayina a mitsinje ya ku India pa bolodi zaka 34, koma sindinasambemo.

"Nambala 14. Yin-gwo. Chimene wafesa ndicho udzakolola, ngati si moyo uno, wotsatira." Wati imeneyo ndi ya m'Baibulo. Ndati theka loyamba.

Ndiye wafika pa 19. Wawerenga mokweza: "Palibe chokhalitsa. Chilichonse chimene chinayamba chidzatha." Sanayang'ane ine, wayang'ana chithunzi cha Pulezidenti pakhoma pamwamba pa mutu wake, kenaka chitseko.

"Chilichonse, Aphunzitsi?"

Ndati ine ndinalemba za mpunga, za mano, ndi za amayi a anthu.

"Ine ndikumva," watero. "Koma amene akawerenge ku Karonga sakakufunsani za mano."

Wanena mosabisa. A Lin ndi mlendo wa Boma, sangawakhudze, mlandu ukakula angowasamutsa. Ine ndine wa kuno. Lachisanu galimoto ikupita ku Karonga, kabuku kapita nayo, mwini wakenso, pokhapokha atakhala ndi china cholemba. "Tcheyamani akuti si maliro. Inu mukuti ndi maliro. Ine ndilembe mawu a ndani?"

Ndati abwere Lachinayi 4 koloko adzaone yekha, ndi tsiku lomaliza. Wati abwera, ndi tcheyamani yemwe. "Koma ndikakapeza anthu awiri ndi utsi, ndidzalemba anthu awiri ndi utsi."

Ndinatuluka. Masitepe 4, ndinawatsika ngati 40. Koma mfundo zanga sindinasokoneze ngakhale imodzi, ndipo sanandionepo misozi.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Mazira sindinatole m'mawa, ndatola masana. 5.

A Lin abwera okha kunyumba, koyamba. Amva kwa kalaliki wa sikimu. Nkhope yagwa. Alembera mkulu wawo ku Lilongwe, koma kalata imatenga masiku 10. Akuti Lachinayi sachita kalikonse, atseka chitseko, apolisi akapeze nyumba ya zii. "Mayi anga amvetsa. Amoyo ndiwo ayambe."

Ndawakalipira monga sindinakalipirepo munthu wamkulu. Masabata 6 tawaperekeza mayiwo, tiwasiye pa mtsinje womaliza? Ndiponso tikaleka, ndiye kuti Manase ananena zoona.

Atapita ndinakhala pakhonde ndi pepala, kulemba kalata kwa a DC. Mfundo 15. Nditafika pa 9 ndinaona kuti ndikuunjika matope ngati mlimi wa buloko 4. Ndinayamba kufuna chitsa.

Chitsa anandipatsa ndi Manase yemwe. Opanda nyimbo, opanda anthu, kuseri kwa nyumba. Mwanayo sanalakwe. Kuno maliro si mtembo, ndi anthu. Mwana wa Zebedee, mkulu wa mpingo uja, atafera m'migodi ku Joni sitinaone bokosi, koma tinakhala masiku atatu. Cholakwa ndi changa. Ndinamva maliro, ndinapita ndekha, sindinauze mudzi. Zaka 68, ndipo chinthu chimene mwana wa Sitandade 1 amadziwa ndinachiphonya, chifukwa ndinkakonda kukhala ndekha wodziwa.

Kalata ndayatsira moto.

Lachitatu, 28 Ogasiti

Makomo 27. Mapazi ndinasiyira pa 9,000 chifukwa cha bondo.

Sindinapemphe munthu kuti andithandize. Ndangonena monga timanenera: kuli maliro kwa a Mizere, amayi awo anatisiya, mawa ndi tsiku lotsiriza, 4 koloko. Kwa a fumu ndinayambira, anati ngati ndi maliro iwo sangaletse. Zebedee, mkulu wa mpingo, anafunsa za lubani ndi mapepala. Ndati pa maliro a Asilamu ku Chilumba timapita, ndipo sitibwerako ndi chisoti. Waganiza, wati, "Ife tikaimba zathu, iwo awotche zawo." Koma sanati abwera.

Ambiri anati yewo, tamva, maso ali pansi. Awiri anatseka chitseko ndisanafike. Wina anandifunsa ngati kukakhale apolisi. Ndati inde. Kunama sindinayambe.

Olonjeza: 3. Emma sali m'gulumo. Wati, "Alamu, ine ndili ndi ana."

Ndalongedza kachikwama ka Lachisanu: zitenje 2, diresi 1, juzi, sopo, Baibulo, magalasi, mankhwala a bondo. Nkhuku ndalemba kuti zipite kwa Emma.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Tsiku la 49.

Ndinafika 2 koloko. Ndinathyola nthambi za mango n'kuziyala pa msewu mbali zonse ziwiri za nyumba, kuti wodutsa adziwe kuti pali zovuta. Tebulo tinalichotsa kuseri, tinaliika kutsogolo pa khonde. A Lin amangonditsatira ngati mwana wa sukulu watsopano.

3:00, palibe munthu. 3:20, wa njinga wina anafika pa masamba, anatsika, anavula chipewa, anakankha njinga mpaka kupitirira. Sanaime, koma anatsika. 3:30, atatu aja, ndi nkhuni. 3:40 Land Rover. Sajeni anakhala pa mpando pansi pa mtengo, Manase anaima pambali pake ndi kope. Tinali anthu 5 ndi beseni. Ndinaona Manase akuwerenga ndi chala.

Ndiye tinamva kulira kuchokera ku ngalande. Mawu ndinawadziwa. Emma, mtolo wa nkhuni pamutu, akulira maliro mokweza monga timalirira tikayandikira pakhomo, akuitana mayi amene sanawaonepo. Kumbuyo kwake amayi a Umanyano, ndi mabeseni a mpunga, nthochi, nkhuku imodzi. Emma anandiuza pambuyo pake kuti anaona masamba pa msewu popita kotunga madzi, ndipo miyendo inakana kuwalumpha. Alimi a buloko 4 anabwera ndi matope m'miyendo. Zebedee anabwera ndi jekete ndi buku la nyimbo.

Ndinawerenga 58, kenaka anthu amangobwera, ena kukhala, ena kusuntha. 58 ndi amene ndikutsimikiza.

Amayi analowa pakhonde, mmodzimmodzi kugwira a Lin dzanja. Ndinagawa mapepala, ndinaphunzitsa kupinda. Kalasi yaikulu chonchi ndinaiona komaliza 1966. Emma anapinda chinthu chonga chule. Timabwato tinapitirira 49 kutalitali, a Lin anati zilibe kanthu, mayi awo akafika olemera.

Tinaimba nyimbo ziwiri za Chitumbuka. A Lin anagwada, anatchula ka 108, ife tili chete. Ndinawerenga nawo, sanaphonye. Moto unayaka, utsi unakwera poyera, aliyense akuona.

Kenaka Zebedee anaimirira kuyendetsa mwambo monga achitira pa maliro onse. A banja: panalibe, ndiye anati ndiyankhule ine. Ndinafotokoza nambala 21 ndi 19 m'Chitumbuka, mwachidule, mphindi 4. Nthumwi ya a fumu inayankhula. A mpingo, iye mwini. Ndiye anatembenuka, osaganiza n'komwe, poti ndi mmene mndandanda umayendera: "Tsopano timve a chipani."

Anthu onse anatembenukira kwa Manase.

Pa maliro onse a dera lino tcheyamani amayankhula. Akakana, ndiye kuti chipani chanyoza maliro pamaso pa mudzi, pamaso pa a fumu, ndi mlendo wa Boma ali pomwepo. Akayankhula, ndiye kuti ndi maliro. Ine sindinakonze zimenezo. Ndinaziona pamene iye anaziona. Ndinawerenga mpweya wanga: 23. Sajeni amangoyang'ana zikhadabo zake.

Manase anaika kope m'thumba, anakonza kolala, anabwera kutsogolo. Anati m'malo mwa chipani akupepesa a Lin pa imfa ya mayi awo. Anati mlendo akalira, mudzi walira. Anakumbutsa anthu za makhadi a chipani ndi za tsiku lokonza ngalande, monga amachitira. Anamaliza bwino. Kuyankhula amatha, ndi masamu okha.

Pobwerera pamalo pake anadutsa pafupi nane. "Aphunzitsi, mwandigwetsanso Sitandade 3." Ndati ayi, lero wakhoza. Ndinamupatsa pepala lomaliza. Anapinda, lopotoka, anaponya mu beseni.

Sajeni anadzuka pa mpando. Anadya mpunga, anagwira a Lin dzanja, anakwera galimoto. Chipewa anavala atadutsa masamba.

A Lin potsazikana anati, "Amama, imeneyi ndi wu-wei." Ndati makomo 27 ndi bondo ili? Akuti, "Chabwino. Theka."

Kachikwama sindinamasule.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Ndinadzuka 5 koloko, ndinasesa, ndinavala, ndinakhala pakhonde chikwama pamiyendo. Emma anabwera kudzakhala nane. Galimoto zodutsa: lole 2, thirakitala 1.

9:50 Land Rover inaima pa mpanda. Sajeni anatsika yekha. Emma anandigwira mkono mpaka kupweteka.

"Aphunzitsi, risiti ija muli nayo?" Ndinali nayo. Anandipatsa kabuku, nandisainitsa. Timabwato 3 anati anataya, koma ndinaona kamodzi pa dashibodi. Wati walemba kuti anapezeka pa maliro a mayi a mlendo wa Boma, pamene tcheyamani wa nthambi anayankhula m'malo mwa chipani. "Amene akufuna kutsutsa akatsutsane ndi tcheyamani." Anayang'ana chikwama, anati, "Ulendo wa kuti?" Ndati ndimangochiwamba padzuwa.

Atapita ndinawerenga masamba. Onse alipo. Pa nambala 19 ngodya ya tsamba ndi yopindidwa, ndipo ine sindipinda mabuku. Emma akuti anamva kuti mkazi wa Sajeni anamwalira chaka chatha ku Mulanje iye ali kuno. Ndaisiya yopindidwa.

Madzulo phunziro la 21. Chithunzi a Lin achichotsa patebulo, achipachika pakhoma. Akuti tsopano mayi apita, kumene abadwira sakudziwa, mwina pafupi. Anayang'ana ku minda ponena zimenezo.

Ndisanatsegule kabuku anandifunsa kuti chimene anachita anthu dzulo timachitcha chiyani. Kubwera, kukhala pansi, osachita kalikonse, kungokhalapo. Ndati kukhuza. Ndinawalembera, anatchula kanayi mpaka "khu" anatuluka bwino.

Ndinatembenuza kabuku, ndinawapatsa cholembera kuti abweze awo. Anachigwira nthawi yaitali. Anayamba mzere umodzi, analeka. Akuti afufuze kaye, lero alibe.

41 kwa 40. Anafuna kupepesa. Ndinatseka kabuku, ndinawathirira tiyi wina.